Mbuyo ya a Mphonda Idagona Panja

Inu amene mumati mayi wa ku Balaka sangadziwe za pansi pa nyanja ya mchere, khalani pansi mundimve mpaka ndimalize, kenaka mutsutse ngati mphamvu zikhalapo. Makamaka inu alamu anga a Nasibeko, amene mudaseka mpaka kugwira m'nthiti nditanena kuti kuli nkhanu zobwereka nyumba. Ine sukulu ndidafika nayo Folomu 4, ndipo nyanjayo ndidaiponda ndi mapazi angawa ku Nacala, pamene ndinkakaoda nsalu. Nkhanuzo ndidaziona ndi maso anga zitandanda ngati amayi a kusikelo. Nthano iyi ndaipeka ndekha, sindidabwereke kwa munthu. Ndikati padangokhala muvomere, ngakhale mukuwerenga muli nokhanokha.

Padangokhala, kale nyanja isanalawe ukonde, kunali mtundu wina wa nkhanu umene Namalenga adauumba mothamanga. Kutsogolo adazipatsa zopanira zolimba, koma kumbuyo adaiwala, mbuyo idatsala yofewa ngati nthochi yakupsa. N'chifukwa chake nkhanuzi zinkagona m'zigoba za nkhono zakufa, n'kumayenda nazo kulikonse.

Mwambo wawo unali wotere. Chigoba chachikulu chikapezeka, sankachilimbirana. Onse ankandanda pamzere, wamkulu kutsogolo, wamng'ono kumapeto. Wamkuluyo akalowa m'nyumba yatsopano, wotsatira ankalowa m'nyumba imene mnzakeyo wasiya, wina n'kulowa ya uyu, mpaka kumchira. Chigoba chimodzi chinkasamutsa mudzi wonse. Koma wakutsogolo akapanda kusuntha, aliyense ankafinyika pomwe ali.

Pamudzipo panali mayi wina wochenjera, dzina lake Nasamuka. Amuna ake anali a Mphonda, ndipo ndiwo anali kutsogolo kwa mzere. A Mphonda anali ofatsa, osadziwa ndewu, koma kudya! Ndipo kadyedwe kake: theka m'kamwa, theka m'madzi, nyenyeswa zili mbwee mpaka padenga. Adanenepa mpaka chigoba chawo chidabooka kumbuyo.

"Bambo a Kamchenga, talowani bwino m'nyumbamo," adatero Nasamuka tsiku lina.

"Ndalowa kale, mayi."

"Nanga icho chasuzumira pabowocho n'cha yani?"

"N'changa ndithu, koma chakana."

Poyamba anthu adaseka. Koma tinsomba tidayamba kubwera kudzajompha, ndipo aliyense ankadziwa kuti tinsomba tikalawa, zinsomba sizichedwa. Kumchira kwa mzere nako kunali misozi. Mwana wawo Kamchenga analibe nyumba n'komwe, ankangofunda kaphale ka chigoba chosweka. Onse ankadikira chinthu chimodzi: chigoba chachikulu cha a Mphonda.

Zigoba zazikulu zinalipo, koma zonse zinali pakhomo pa Nduna Chamikono. Ameneyu anali okutopasi, nyama ija ya mutu ngati thumba ndi mikono isanu ndi itatu. Ankadya nkhono, zigoba n'kuunjika pakhomo pa phanga lake. Nkhanu nazo ankadya akazipeza. Koma anali ndi chilema chimodzi: khungu lake silinkasunga chinsinsi. Njala ikamugwira ankafiira psuu, mantha akamugwira ankayera mbee, akakwiya ankada bii.

Nasamuka adanyamula kachidutswa ka nsomba, n'kupita.

"Odi kuno, a Nduna!"

"Odini. Ndani amabweretsa chakudya atavala chakudya china?"

"Ndine Nasamuka, mkazi wa a Mphonda. Ndadzapempha chigoba chimodzi mwa izi mwaunjikazi. Amuna anga ali pambalambanda."

"Nkhono zake ndidadya ndine, choncho zigoba n'zanga."

"Koma simugonamo, achikulire."

"Ndimatsekera pakhomo. Ndiponso ndimakonda kuziona." Chamikono adameza kansomba kaja osathokoza. "Amuna anuwo akula bwanji?"

"Anenepa ndithu."

"Anenepa?" Khungu la nduna lidayamba kufiira kuchokera m'khosi. "Atumeni alowe m'phangamu ndiwayeze bwinobwino. Ndiwayeza ndi mikono yonse, kuti chigoba chisawathine."

Nasamuka adaona psuu uja, n'kuyamba kubwerera chambuyo.

"Zikomo a Nduna, koma amuna anga amachita manyazi poyezedwa."

Pobwerera adayamba nyimbo, yonga ya pamtondo, yodandaula koma yoseketsa. Inkanena za mbuyo ya mwamuna wake imene yagona panja ngati mbuzi yopanda khola. Atayandikira mudzi, nkhanu zonse zidavomera, kufunsa kuti kodi mbuziyo ilowa liti, uku zikugogoda zigoba ndi zopanira. A Mphonda nawo adavomera nawo, ndi mawu aakulu kuposa onse.

"Inu, nyimboyi ikunena inu!" adatero Nasamuka.

"Ndikudziwa, mayi. Koma ikukoma."

Nasamuka sadagone mphwayi. Adayenda uku ndi uku mpaka adapeza chibade cha kokonati chimene chidagwa m'ngalawa. Adachikankha yekha mpaka kumudzi.

"Lowani umu, bambo a Kamchenga."

A Mphonda adalowa. Malo ngambwingambwi! Adatambasula miyendo, n'kuyamba kuitana anzawo kuti adzaone chipinda chochezera. Koma chibade chilibe mopindika mogwira ndi mchira. Funde litangobwera, nyumba idagubuduka, eni ake ali m'kati, gubudu gubudu, mpaka idakaima pakhomo pa nduna. A Mphonda adatuluka mutu ukuzungulira, n'kuliyatsa liwiro limene palibe adaliona chibadwire, mkazi wawo akuwakankha kumbuyo. Mwayi wake m'chigoba chobooka chija munali musanalowe wina.

Chamikono adatola chibade chija, n'kuchiyeza pakhomo.

"Chitseko chabwino! Muwathokoze amuna anu, mayi. Tsiku lina adzabwere osathamanga."

Nyimbo ya tsiku limenelo idamveka pansipansi, ndipo ovomera adafunsa funso lawo lija mosaseka. Kamchenga adayimba nawo ali pansi pa kaphale kake.

Pamenepo Nasamuka adakatula nkhani kwa mfumu. Mfumu yake inali Kamba wam'nyanja, nkhalamba yokonda tulo, imene inkaweruza milandu uku tinsomba tikuidya ndere pamsana. Chamikono adaitanidwa, adabwera atada bii.

"Wawa mfumu," adayamba Nasamuka atagwada, "a Nduna ali ndi nyumba zambiri zimene sagonamo. Ife tili ndi ogona ambiri opanda nyumba. Komanso akufuna kudya amuna anga."

"Za njala sindiweruza, mwana wanga," adatero Kamba. "M'nyanja muno aliyense ndi ndiwo ya wina. Ineyo dzulo ndidadya achibale a mboni zanga. Koma za nyumba ndiweruza. Iwe kansomba, kanda chakumanzereko. Eya, pomwepo. Ndimati chiyani?"

"Za nyumba, mfumu."

"Eya. Nyumba ndi ya amene waikamo thupi. Yopanda thupi m'kati, wolowa alowe. Ndatha."

Nasamuka adaomba zopanira mokondwa. Koma Chamikono sadapatsidwe unduna chifukwa cha kupusa. Adathamangira kwake, n'kusankha zigoba zazikulu zonse, zinalipo zisanu ndi zitatu ndendende, n'kupisa mkono umodzi m'chigoba chilichonse. Zing'onozing'ono adazikwirira pansi pa mimba yake.

"Mkono si thupi kodi?" adafuula. "Bwerani mudzalowe tione!"

Nkhanu zidabwerera zili khuma. Koma Nasamuka adatsalira kuseri kwa mwala, akuyang'ana. Adawerenga mikono, adawerenga zigoba, kenaka adayamba kuseka yekha.

"Mwapenga, mayi?" adafunsa a Mphonda atafika kunyumba.

"Bambo a Kamchenga, inu mumadya ndi chiyani?"

"Ndi manja."

"Nanga manja onse atakhala m'matumba?"

A Mphonda adaganiza za moyo wotero, misozi idalengeza.

"Tingodikira," adatero Nasamuka. "Koma ndiyambe ndakapeza mnzanga."

Pamwala wina pankakhala Nachitedze. Ukamuona unkati ndi duwa, koma inali nyama, ndipo timanja take tambirimbiri tinkaluma kuposa chitedze cha kumunda. Analibe miyendo. Pomwe adamera ndi pomwe ankakalambira, ndipo azibale ake adamupanikiza mbali zonse, chakudya chikabwera ndi funde iwo ndiwo ankayamba kuwakha.

"Muli bwanji, asisi?" adalonjera Nasamuka ataima patali.

"Ndili pompano, monga dzulo ndi dzana. Inu oyendayenda, kunja kuli nkhani zanji?"

"Simufuna kukadzionera nokha?"

"Musandiseke, asisi. Ndiyenda ndi chiyani?"

"Ndi amuna anga."

Nachitedze adatambasula timanja tonse. "Mukundipatsa amuna anu?"

"Denga lokha, mayi inu, musathamange mtima! M'nyumba muli ine. Inu mukhale padenga, aliyense wofuna kuwagwira mumulume."

"Nanga ndizidya chiyani padengapo?"

"Mudawaonapo a Mphonda akudya?"

"Ndidamva mbiri. Amati akamadya kumagwa mvula."

"Mvula yonseyo ndi yanu."

Nachitedze adavomera msanga. Koma kumuchotsa pamwala sikunali kokoka, akadang'ambika. Nasamuka adayamba kumugirigisha m'munsi pang'onopang'ono ndi nsonga za miyendo. Nachitedze adaseka, adapindika, adapempha kuti amuleke, mpaka phazi lake lidamasuka lokha. Nasamuka adamunyamula mosamala, n'kukamukhazika pachigoba cha a Mphonda, pafupi penipeni ndi bowo lija.

"Mayi, mwandikweza chiyani pamsana?"

"Ndakupezerani wachiwiri. Koma mukangomuyang'ana kawiri, akulumani iye, kenaka ine."

"Ndiye ndiziyang'ana chakudya basi."

"Ndicho chimene ndidakwatiwira nanu."

Masiku adapita. Chamikono adakhala chikhalire pakhomo pake, mikono ili m'zigoba. Nkhono zinkadutsa pamphuno pake zikumulonjera. Mimba idayamba kulira. Nasamuka ankapita kukasuzumira, n'kubwerera akuti, "Sadapse." Tsiku lina adamupeza atafiira thupi lonse ngati tsabola, n'kuthamangira kumudzi.

"Wapsa! Aliyense pamzere, monga mwa msinkhu. Ndikayamba nyimbo muvomere. Ndikaidula pakati, musadikire kuuzidwa."

Adapitanso kwa mfumu. "Wawa, ife tikusamuka m'dziko lanu. Mwambo umati titsazike pamaso panu ndi pa nduna yanu."

Kamba adadandaula za msana, koma adapita, n'kukakhala pambali pa phanga. Asadamve n'komwe moni, maso adatseka.

Mzere udafika. A Mphonda anali kutsogolo, kumbuyo kwawo mlongo wake wa Nasamuka, a Chiwaya, munthu wamtali koma woonda, kenaka ena, Nasamuka pakati, mpaka Kamchenga kumchira ndi kaphale kake. Nachitedze adadzipinda, timanja tonse m'kati, n'kukhala ngati kam'bulu ka matope.

"Tadzatsazika, a Nduna," adatero Nasamuka. "Mwapambana. Bambo a Kamchenga, gwadirani mfumu."

Mfumu inali mbali iyo, choncho pogwada a Mphonda adafulatira nduna. Ndipo Nasamuka adali atawaimika pafupi ndi chigoba chachikulu koposa, choyera, chopindika bwino. Mbuyo ija idasuzumira pabowo, yonona, ikunjenjemera pang'ono, pafupi ndi mkono umene unali m'chigobamo.

Chamikono adameza malovu. "Icho chatupa pachigobacho n'chiyani?"

"Nyumba yakalamba, achikulire. Yayamba zithupsa."

Nasamuka adayamba nyimbo ija ya mbuzi yogona panja. Mzere udavomera, zigoba zikugogodwa. Chamikono adayang'ana mfumu: ili m'tulo. Adayang'ana mbuyo: ili pomwepo. Adayang'ananso mfumu. Nyimbo idabwereza, a Mphonda n'kuyamba kugwedezera m'chiuno motsata kayimbidwe, poti iwo nyimbo ikakoma sankatha kudzigwira.

Mkono udasololoka m'chigoba, tsoo, n'kukulunga nyumba ya a Mphonda.

Nachitedze adatambasuka.

"Mayo ine! Moto! Moto m'madzi!"

Nyimbo idaduka pakati. A Mphonda adatuluka m'chigoba chakale, n'kulowa chatsopano chambuyo, phwa! Chidawakwana ngati adachita kuyezedwa.

"Ndiye chakalecho n'changa!" adakuwa Chamikono, n'kusolola mkono wina kuti apise m'chigoba chobooka. Adapeza a Chiwaya alowamo kale, ndipo kwa iwo bowo lija linali zenera chabe. Nachitedze anali akadali padenga, adalumanso kachiwiri mosanyinyirika.

"Ndiye cha a Chiwayacho!" Mudalowa kale wina. "Ndiye icho!" Mudalowa Nasamuka, akumwetulira. Mkono wa nduna udathamanga ndi mzere wonse, paliponse ukupeza zopanira zili pakhomo. Phwa, phwa, phwa, mpaka kumchira. Kachigoba komalizira, kakang'ono ngati njere ya chimanga, mudalowa Kamchenga, n'kutulutsa timaso tokha.

Padatsala kaphale kosweka kaja basi.

Chamikono adayera mbee, adada bii, adafiira psuu, kenaka mitundu yonse idasakanikirana. "Mfumu! Andibera!"

Kamba adatsegula diso limodzi. "Ine ndaona mkono ukutuluka wokha. Mwana wanga Nasamuka, sutenganso? Taona, nduna yasiya chigoba china pambalambanda."

"Iyayi mfumu, ife chimodzi chatikwanira tonse. Zinazo asunge, amakonda kuziona."

Nduna idayang'ana mudzi wonse uli m'nyumba zatsopano chifukwa cha chigoba chimodzi, idayang'ananso zigoba zimene idazisungira ndi njala masiku onsewo. Nsonga ya mkono wake inali itatupa, ndipo idayamba kuipemerera ngati mwana.

Kamchenga adatuluka pamzere, akudzandira ndi nyumba yosazolowera, akukoka kaphale kake.

"Agogo a Nduna, fundani ichi pachalapo. Ine chandisunga nthawi yaitali. Tinsomba sitijompha."

Chamikono adakayang'ana kamwanako. Njala inalipo, koma kanali kochepa kwambiri, ndiponso Nachitedze anali akuyang'ana. Adalandira kaphaleko, n'kuvindikira chala.

"Pita kwa amako, iwe," adatero ndi mawu otsika. Kenaka adasolola mikono yonse, n'kupita kukasaka nkhono, kaphale kali kuchala.

Asadachoke pamalopo, Nasamuka adagirigishanso Nachitedze, n'kumusamutsira padenga latsopano la a Mphonda. M'kupita kwa nthawi Nachitedze adabereka, ndipo denga lililonse lidapeza mlonda wake. Mpaka lero Chamikono amaunjika zigoba pakhomo, amadyanso nkhanu yoyenda yopanda mlonda. Koma akamva nyimbo ija ikubwera, amakankhira chigoba chimodzi panja ndi nsonga ya mkono, n'kuyang'ana kumbali ngati sadaone.

Atafika kumudzi, Nasamuka adazungulira nyumba yatsopano ya mwamuna wake, akuyang'ana paliponse. Panalibe chosuzumira.

"Bambo a Kamchenga, mwalowa yense?"

"Yense, mayi. Malo atsalanso."

"Atsale choncho. Mukanenepanso, kwa a Nduna mukapita nokha."

"Ndamva, mayi," adatero a Mphonda, m'kamwa muli tho.

"Mukudyanso?"

"Si ine, mayi. Ndikudyetsa wa padengayu."

Nyenyeswa zinali mbwee, Nachitedze akuwakha ndi timanja tonse. Nasamuka adatsegula pakamwa kuti akalipe monga mwa masiku onse, koma adangotola kanyenyeswa kamodzi kamene kadagwera pansi, n'kukaponya padenga.

Nthano yanga yalowa m'chigoba chake, ndipo palibe chatsalira panja.

Tsopano a Nasibeko, tsutsani. Nthano iyi ndidaikamba koyamba pa chilangizo cha mwana wa mnzanga, amayi atadzaza bwalo, ndipo nyimbo ya mbuzi ija adavomera mpaka ophika adasiya miphika. Amene ali ndi amuna okonda kudya adalira ndi kuseka. Ndidachoka pamenepo ndi chitenje chatsopano cha maluwa obiriwira, nkhuku yathadzi imene ikuikira kale, ndi beseni la mtedza wosenda. Chitenjecho ndi chomwe chija mudabwereka Lamulungu lapitali, alamu, ndipo ndikuchifuna.